Tadala watseka chitseko, Esinati

Esinati mlongo wanga, lero chakwana chaka chitisiyire. Ndakumbukira Loweruka lija unatsika kombi, minibasi ija, kwathu kuno ku Unit O n'kundipeza ndikukalipira mwana wanga Tadala chifukwa chojomba kusukulu dzulo lake. Unandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayu wakula, m'mimba mukumupweteka. Mumafuna auze inu bambo ake?" Unamugwira dzanja, ulendo wa kukiliniki. Pobwera munkaseka, mukudya maputi, mbuliwuli zija, mapadi ali m'chikwama. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse ankauza iwe, tete wake, monga amatchulira azakhali m'Chishona.

Tsopano Tadala sakudya bwino, wawonda, ndipo anzake sabweranso pakhomo. Ndikamufunsa amangoyankha m'Chishona kuti, "Hapana, baba," kutanthauza kuti palibe kanthu, n'kutseka chitseko. Mayi ake ali kuntchito ku Joni. Ife tinaleredwa kuti bambo sakamba zoterezi ndi mwana wamkazi, imeneyo ndi ntchito ya azakhali. Nanga azakhaliwo akagona kumanda? Zimenezo palibe anatiuza. Anamwino a kukiliniki kuja akuti ndipite naye kumeneko, koma nkhaniyo ndiiyambira pati ine? Dzulo ndinaima pachitseko chake, dzanja lili m'mwamba, ndikufunafuna mawu amene iwe ukananena. Sindinagogode, Esinati.