Pa Sikelo Palibe Sikelo

Loweluka lapitali ndinatsala pang'ono kuononga ukwati wa mwana wanga Tisa ndi pakamwa pangapa.

Mnyamata womufuna ndi wa ku Chelstone, muno mu Lusaka momwe tikhala. Nkhani ya ukwati sikamba mayi, akamba ndi malume a mwana, ndipo achimwene angawo ali kwathu, katauni kakang'ono kupitilila Katete. Ndiye abale a mnyamata ananyamuka pa galimoto, ine n'kuwauza njila: pa Sikelo mukhotele kumanzele, mupitilile pa Positi, nyumba ili kuseli kwa Dipi.

Masana foni inalila. Anali amalume a mnyamata.

"Ba mayo, tazunguluka, tiona chabe mashopu. Sikelo ili kuti? Mufuna kutipasa mukazi olo mufuna tisilize mafuta?"

Nditangodula, achimwene nawo: "Mlongo, anthu akowo akachedwanso ine ndapita kudimba. Sindidikila mkamwini ngati basi."

Achimwene akati apita, apitadi.

Apa m'pamene mutu unabwelela. Sikelo ija anaichotsa ine ndisanabadwe! Ndi pamene makolo athu ankapimitsa nshawa nthawi ya azungu, mlimi maso ali pa muvi kuopa kumubela. Positi inagwa, lelo pali chigayo, koma m'pamene akazi ankadikila uthenga wa amuna awo a ku migodi. Mu Dipi, mosambitsila ng'ombe, munamela nthochi.

"Tsitsani galasi mufunse munthu aliyense," ndinawauza alendowo nditawaimbilanso.

"Tifunse chinthu chamene kulibe?"

"Funsani chabe."

Mayi wogulitsa tomato sanadabwe n'komwe, anangoloza ndi chala. Alendowo anawapeza achimwene khasu lili kale paphewa, koma analitsitsa, nkhani inakambidwa.

Atabwelako amalume aja anandiseka, ati kwanu mulondola njila ndi zinthu zakufa. Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinanyada. Zakufa bwanji pamene zifikitsa mlendo pakhomo? Kwathu kulibe chipilala, kulibe chikwangwani. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mbili ya tauni yathu ndiidziwa, chifukwa sungapite kumsika osaitchula.

Muno mu Lusaka? Akamanga sitolo yaikulu, mawa kondakitala ayamba kuitana dzina latsopano, lakale laiwalika. Pano ndikhala pa Chilenje sindidziwa panali chiyani, ndipo sindinafunsepo.

Ana a Tisa adzabadwila ku Chelstone. Inu a m'tauni, adzukulu angawo akadzasochela, mudzawalozela chiyani?