Atsegula mabokosi a makhadi aja

Mwaswera bwanji nonse. Ine kuno mtima suli m'malo.

Mukukumbukira mabokosi a makhadi a zithunzi za osewera mpira wa besibo amene bambo a Tadala anagula nthawi ya korona, anthu akulimbirana? Analipo sikisi, osatsegula, ndipo ankati tsiku lina adzakwera mtengo n'kutithandiza kupeza nyumba yathuyathu.

Poti Loweruka tikusamukira ku Armadale, lero m'mawa anawanyamula kupita nawo kushopu ina ya makhadi ku Morley kuti akawagulitse. Akuti mwini shopu anangoyang'ana pamwamba n'kunena kuti, "Mzanga, oterewa adzaza kuseriku, palibe akugula. Nthawi yake inatha."

Abwerera nawo masana. Alowa m'galaja, akhala pa katoni, ayamba kung'amba mapaketi a m'mabokosimo imodziimodzi. Mabokosi omwe aja ine ankandiletsa ngakhale kupukuta fumbi.

Chimene chandisokoneza n'chakuti avala magolovesi anga a kuntchito. Khadi lililonse akuligwira m'mbali, akuwerenga dzina la munthu amene sanamuonepo akusewera, kenako n'kulilowetsa m'kapulasitiki bwinobwino. Ndawafunsa kuti, "Bambo, ngati alibenso ntchito, mukuwasamaliranji chonchi?" Osandiyang'ana n'komwe, angoti, "Mwina labwino lili m'bokosi lotsatirali."

Pano atsegula anayi. Chakudya sanakhudze, aimba foni kuntchito kwawo kuti lero sapita, ndipo katundu wa kuchipinda sitinamange. Ine ndikungolowa n'kutuluka, kusowa chogwira.

Alamu, inu a Chikondi, mkulu wanuyu amakumverani. Muwaimbire, kapena ndiwasiye amalize awiri otsalawo? Ndikuopa mmene akhalire akafika pa paketi yomaliza.