Zitsulo za njinga ya amuna anga

Amuna anga atamwalira, njinga yawo yamoto inatsala m'shedi kuseri kwa nyumba yathu ku Braunstone, mumzinda wa Leicester. Ndi imene inkadzanditenga ndikaweruka kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito. Inali itapindika kutsogolo atagwa nayo nthawi yozizira, ndipo ankangoti adzaikonza akachira. Sanachire.

Kwathu maliro akatha, achibale amagawana katundu wa malemu. Nanga kuno achibale uwapeza kuti? Ndinagawira anzawo a kutchalitchi, uyu jekete, uyu nsapato. Mnzawo wa ponda apa m'pondepo, amene ndimawaitana kuti alamu, anapempha zitsulo za injini. Njinga yawo inali yamtundu womwewo koma inali itafa. Ndinavomera. Zitsulo ndikanadya?

Anabwera ndi masipanala, n'kumasula sitata, kabuleta ndi ekizozi. Ine ndinawapangira tiyi, mtima uli m'malo.

Lamulungu lina ndili pakhomo pa tchalitchi ku Highfields, ndinamva njinga ikubwera. Njinga ya amuna anga inali ndi kaliridwe kake, inkatsokomola kaye ngati nkhalamba yosuta fodya isanaime. Kutsokomola komweko! Ndimadziwa kuti wakufa sabwerera, koma miyendo inali itandifikitsa kale kumsewu. Anali alamu aja, akazi awo ali kumbuyo, atawakumbatira m'chiuno, chibwano chili paphewa.

Koma abale, nsanje! Inandigwira moti tsiku limenelo sindinaimbe ngakhale nyimbo imodzi. Mayiwo sanandilakwire chilichonse, ndi omwewo anandiphikira pamaliro. Koma ndikawaona akuvula chisoti, akukonza tsitsi uku akuseka, mumtima ndinkangoti, sekani, ekizozi imeneyo ndi yanga. Malo akumbuyowo ndinawakhalapo zaka zambiri ine, mvula ikundimenya kumsana. Tsopano ndinkadikira basi, injini ya amuna anga ikundidutsa itanyamula mkazi wina.

Ndinayamba kuwayankha moni wa mwachidule. Anadandaula kwa azimayi anzathu kuti asisi asintha. Eya, ndinasinthadi. Ndinafika poganiza zokaitanitsa zitsulo zanga, koma munthu ukagawa za malemu sulandanso. Akanandiseka Leicester yense.

Tsiku lina titatuluka m'mapemphero, basi inachedwa. Mayi aja anabwera pomwe ndinaima, chisoti chili m'manja.

"Asisi, kwerani akakutuleni. Ine ndidikira basi."

Ndinafuna kukana mwamwano, mawu anali atafika kale pamlomo. Koma alamu analiza njinga ija, inatsokomola, ndipo ndinangopezeka ndavala chisoticho. Chinkanunkhira mafuta a tsitsi la eni ake.

Nditakhala, mpando unanjenjemera monga kale. Manja anga anadzipitira okha kutsogolo, n'kuima m'malere. Msana uwu sunali wanga. Ndinacheuka, mayi aja anali kutiyang'ana akumwetulira, alibe nkhawa ndi pang'ono pomwe, poti madzulo msanawo ubwerera kwawo.

"Alamu, gwirani zolimba!" anakuwa alamu aja.

Ndinapinda manja kumbuyo n'kugwira kachitsulo kozizira ka kuseri kwa mpando. Ndinagwira komweko mpaka ku Braunstone, misozi ikutsikira m'chisoti cha mkazi wa mwini.