Mawaya Anayi a Kagalimoto ka Alamu

Loweruka lapitali, cha m'ma 3 koloko masana, ndinatsuka injini ya kagalimoto kakale ka mipando iwiri kamene alamu anga anasiya kwathu ku Kawale popita kumaliro ku Ntcheu. Kagalimotoko salola ngakhale akazi awo kukakhudza.

Nditaliza injini, inayamba kutsokomola ndi kunjenjemera. Ndinazula mawaya onse anayi a mapulagi kuti ndiwapukute, osaika chizindikiro. Nditawabwezera mongoganizira n'kulizanso injini, kagalimotoko kanaphulika ngati mfuti.

Alamu anaimba foni. "Kali bwanji kamwana kanga? Tifika mawa madzulo."

"Kali bwinobwino, alamu."

M'mawa mwake ndinakatenga makaniko ku Biwi, n'kumuuza kuti makoswe ndiwo asokoneza mawaya.

"Makoswe akwanu amatsuka ndi injini yomwe, bambo?"

Ndinati inde.