Aphunzitsi Analuka Mlaza Wouma

Ndikukumbukira chaka chimene atate anachotsedwa ntchito kufakitale, tikukhala m'komboni ya Mtendere. Ufa ndi sopo tinkachita kuimira pamzere, ndipo kope limodzi linkanyamula maphunziro onse. Atate anabwerera ku luso la kwawo ku Petauke, nayamba kuluka zipewa za mlaza umene unkabwera pa lole kuchokera ku Luangwa. Pakhonde pathu pankanunkhira ngati udzu wonyowa ndi mvula yoyamba.

Ine makani ndinabadwa nawo. Nditaona kuti atate amasunga malukidwe onse m'mutu, ndinayamba kuwalemba kumapeto kwa kope langa, mpaka masamu anasowa pokhala. Aphunzitsi athu, Ba Mwansa, anandigwira.

"Iwe Tisa, ivi ni vichani?"

Ndinayankha kuti aliyense wowerenga zimenezo akhoza kuluka chipewa. Iwo anatenga kopelo nati akayesa okha, ndipo zikakanika adzang'amba masambawo, ine n'kulawa chikwapu. Mawa lake ndinawapititsira mtolo wa mlaza, mopanda ndi mantha omwe.

Loweruka anatulukira kwathu zala zili zochekekachekeka, atanyamula chinthu chonga chisa cha khwangwala. Atate atangochipinda, chinathyoka kuti thyo, ndipo anaseka mpaka misozi.

"Ba ticha, simunaviike mu manzi?" anafunsa atate.

"Mu buku ya mwana wanu mulibe manzi," anayankha Ba Mwansa.

Sananame. Beseni loviikamo mlaza linkakhala pakhonde tsiku ndi tsiku, moti ndinali nditasiya kuliona. Atate anawapatsa mpando ndi mlaza wofewa, ine ndikuwerenga mokweza za m'kope lija, limene aphunzitsi anabwera nalo. Pamene dzuwa linkapendeka, aphunzitsi anali atavala chipewa chawochawo, chokhota mbali imodzi, ana a m'komboni akuwaombera m'manja. Lolemba anandibwezera kope lathunthu, atangowonjezera mzere umodzi ndi inki yofiira: "Yamba waviika m'madzi." Ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha ndi chimwemwe.

Masiku ano pamsika padzaza zipewa za m'mabelo a salaula, zovala zakale zochokera kunja, ndipo oluka atsala owerengeka. Ntchito yanga ndi kuwafunafuna, iwo ndi oumba mbiya, kuti ndilembe luso lawo lisanapite nawo kumanda. Amafotokoza bwinobwino mpaka kunena kuti basi, zatha. Ine sinditseka kope. Ndimasuzumira kuseri kwa mpando wawo, kenaka n'kufunsa kuti, "Nanga musanayambe, mumachita chiyani?"