Bokosi Limodzi la ku Matero

Amalume anga amakhoma mabokosi a maliro ku Kalingalinga. Nditamaliza maphunziro a makompyuta ndinawapangira webusaiti, kuti ofedwa aziitanitsa bokosi pa foni m'malo mokwera minibasi ndi misozi. Oda ikalowa mu detabesi, nkhokwe ya mauthenga yomwe inali pa kakompyuta kodzaza utuchi kuseri kwa shopu, inkapita pa mafoni a akalipentala anzawo. Amene ali ndi bokosi loyenera ankanyamuka nalo osafunsa wina.

Amalume sanaikhulupirire. "Manje iwe, malaiti yakayenda, munthu atinika kabili, tizapeleka mabokosi yabili pa nyumba imozi? Uko ni kuitana malilo yenangu."

Ndinapsa mtima, koma ankanena zoona. Wofedwa alibe mtima wodikira, foni ikangoti zii amadinanso. Ndiye ndinatengera za pakhomo: mwininyumba akachokapo, mlendo sitimubweza pageti, timamupatsa mpando n'kusunga mawu ake. Ndinakonza kuti detabesi ikagwa, tsamba lisalavule zilembo zofiira zoopsa, koma linene kuti, "Pepani ndi maliro. Uthenga wanu tausunga, tiutumiza tokha." Oda iliyonse ndinaipatsa chizindikiro chake, kuti ngakhale ifike kangati, ilowe kamodzi.

Tsiku lina masana magetsi anathima, detabesi n'kugona. Posakhalitsa mayi wina wa ku Matero, amene amuna awo anamwalira m'mawa womwewo, anaimbira amalume akulira.

"Natinika, natinika, siniziba kangati. Mwana wanga ali mu chipatala. Napapata, chonde, osabwelesa yabili."

Zimene ndinakonzazo ndinali nditangoziyesa ndekha, ndi mayina opeka, ndikumwa tiyi. Ngati ndinali nditalakwitsa, magetsi akabwera maoda onse a mayiwo akanatuluka nthawi yomweyo kupita kwa akalipentala amene sindikanatha kuwaimbira onse. Amalume sanandinyoze. Anangoima kumbuyo kwanga, pensulo ili pakhutu.

Magetsi atabwera, kakompyuta kanadzuka mwaulesi wake uja. Ndinayang'ana ndi diso limodzi. Oda ya ku Matero inalowa, imodzi yokha. Ndinakhala pa thabwa n'kuseka ngati wopusa.

"Kali na ulemu ka kompyuta kako," anatero amalume.

Ndinawaimbira mayi aja. "Amayi, likubwera limodzi."

Ndinangomva akupuma, kenako akuuza wina pambali pawo kuti apite kuchipatala akaone ngati mwana wadya.