Nkhuku ya Asewere

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa mu Okutobala, mwezi umene kuno kuchigwa ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ndi mwana yekhayo amene Mulungu anatisiyira ine ndi malemu mkazi wanga. Anaphunzira unesi, napeza ntchito ku Lusaka, ndipo mwamuna anamupeza komweko. Zokambirana zonse za ukwati anayendetsa ndi amalume ake, amene nawonso amakhala m'tauni. Sindinadandaule. Kwathu ku Katete, kumene tinachokera potsikira kuno ku Mnkhanya kudzalima thonje, mwana ndi wa kuchikazi ndipo bambo amangouzidwa. Koma chilipo chimodzi chimene chimatsalira bambo. Makolo a mkamwini amayenera kulowa m'nyumba mwako, kukhala pansi, ndi kudya nkhuku yako. Akadya, mwakhala asewere. Asanadye, ndi anthu chabe amene mwana wawo wakondana ndi wako.

Ukwati anati uchitikire pa loji ina, malo ogona alendo odzaona nyama, ya m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, chifukwa abale a mwamunayo anali asanaonepo njovu. Abusa athu anavomera kukadalitsira komweko, ndiye ine sindinatsutse.

Tsiku lina mwana uja anandiimbira foni ndili kudimba.

"Atate, alendo afika masiku angapo ukwati usanachitike. Akufunsa kuti angadye kuti, angamwe kuti, angaone chiyani. Inu ndi amene mukudziwa kumeneko."

"Malo omwera ndingawadziwe bwanji ine?"

"Pamsewu simupita? Maso muli nawo, Atate. Kuona si kumwa."

Ndinaseka, ndipo ndinamuuza zimene ndimadziwa. Ndinatchula mayi wina wa kuseri kwa msika wa Mfuwe amene amakazinga nsomba za tsiku lomwelo, koma munthu afike dzuwa lisanafike pamutu chifukwa madalaivala amazimaliza. Ndinatchula mlatho wa Luangwa, pamene mvuu umaziona usanafike n'komwe pageti la paki ya nyama. Ndinatchula golosale imene zakumwa zake zimazizira zenizeni, ndi malo amene amalemba maluwa pansalu. Za kumene nyimbo zimasokosa Loweruka ndinangoti kulipo, akafunse okha. Kenako ndinanena chimene ndinali kudikira kunena.

"Lachisanu masana makolo a mwamuna wako abwere kunyumba. Ndiwaphera nkhuku."

"Chabwino, Atate. Ndiikapo pa uthenga wa alendo."

Nyumba ya munthu wamasiye imaoneka. Chimwalirire mkazi wanga, khonde linali lisanaziridwe bwino, ndipo mbale zabwino zinali m'katoni pansi pa bedi. Ndinatumiza mawu kwa alamu anga, mng'ono wa malemuyo, ndipo anabwera kuchokera ku Jumbe ndi kachikwama kawo. Amayi a kumpingo anabwera kudzathandiza. Anazira khonde, anapuntha mpunga wa m'dambo mwathu, anaphika thobwa. Ine ndinabwereka mipando kutchalitchi, ndikumanyamula iwiriiwiri panjinga. Ndinakumbanso chimbudzi chatsopano ndi kuchimangira mpanda wa udzu.

Lachisanu m'mawa tinapha nkhuku zitatu. Ziwiri zinali za anthu operekeza. Yachitatu, tambala amene ndinamusunga chaka chonse, inali ya asewere. Nkhuku yotere saisakaniza ndi ina. Ziwalo zake zonse zimalowa m'mbale imodzi yovundikira, nthutumba ili pamwamba, kuti mlendo akavundukula aone kuti palibe amene wayamba kudyako. Alamu anaika mbaleyo patebulo m'nyumba, naiphimba ndi kansalu kamene mkulu wawo analuka.

Ndinavala jekete. Thukuta linkayenderera kumsana koma sindinavule.

Dzuwa litapendeka pang'ono tinamva motoka. Inali ija yopanda denga, yoonera nyama, ndipo inaima pansi pa mango. Munatsika anyamata ndi atsikana ovala zipewa zazikulu ndi akabudula. Ndinayang'ana mutu wa imvi, osauona.

"Mwaswera bwanji, madala?" anatero mnyamata wina wamtali, akundigwira dzanja mwamphamvu. Anati ndi msuweni wa mkwati. "Ndi pano pa chakudya cha kumudzi?"

"Taswera. Fikani. Nanga akuluakulu ali m'mbuyo?"

"Ankolo ndi anti? Alowa m'paki. Akuti nyalugwe wakwezera nswala mumtengo, ndiye sakanalola kuphonya. Ife tinamuona dzulo."

"Koma akudziwa kuti ndikuwadikira?"

Mnyamatayo anaoneka wodabwa. Anatulutsa foni, nandionetsa uthenga umene mwana wanga anatumizira alendo onse. Chingerezi ndimawerenga pang'onopang'ono, koma ndimamva. Mayi wa nsomba analipo. Mlatho unalipo, golosale inalipo, nsalu zinalipo. Pansi pa zonsezo panalembedwa kuti Lachisanu kuli chakudya cha kumudzi kwa bambo a mkwatibwi, kwa amene angakonde, ndipo atenge zipewa ndi madzi akumwa.

Ndinamubwezera foni yake ndi manja awiri, ndi kuwaonetsa mipando.

Sanakhale msanga. Anamwazikana pabwalo ndi mafoni awo. Anajambula nkhokwe, anajambula khola la mbuzi, anajambula chingwe chimene timamangirirapo sanza zopaka tsabola ndi oilo kuti njovu zisalowe m'munda. Mtsikana wina anapeza mtondo kuseri kwa khitchini, naitana alamu.

"Anti, tasinjani pang'ono ndikujambuleni."

"Mpunga ndinapuntha dzulo, mwanawe. Ndisinje mtondo wopanda kanthu?"

"Mungoyerekeza."

Alamu anatola munsi namupatsa. "Yerekeza ndiwe. Bweretsa foniyo, ndikujambule ine."

Onse anaseka, mtsikanayonso anaseka, ndipo anasinjadi mpaka chipewa chinagwa. Sindinganene kuti anali ana oipa. Nditati tipemphere anavula zipewa ndi kutsinzina. Mowa umene anali nawo anausiya m'motoka, sanalowe nawo pabwalo panga. Anadya mpunga ndi nkhuku ziwiri zija mpaka kupukuta mbale. Msuweni uja atalawa thobwa anafunsa ngati lili ndi mphamvu, ndipo mayi wina wa kumpingo anamuyankha kuti mphamvu yake ndi yolimira, ngati akufuna khasu lilipo.

Ponyamuka, mmodzi anandikokera pambali, dzanja lili m'thumba, nafunsa motsitsa mawu kuti amalipira kwa yani. Ndinamuuza kuti pano ndi pakhomo pa mkwatibwi. Anachita manyazi, ndipo ndinamumvera chisoni, chifukwa analakwa potsata zimene anawerenga.

Fumbi la motoka litatha, ndinapita kuseri kwa nyumba ndi kuimbira mwana wanga. Kumene anali kunkamveka phokoso la akazi, ndikuganiza ankamukonza tsitsi.

"Atate, ana asangalala? Atumiza kale zithunzi."

"Asangalala. Ine ndinaitana makolo."

"Ndinaopa kuwakakamiza. Anthu aja ndi achikulire, kutentha uku sanakuzolowere. Komanso msewu wathu mukuudziwa."

"M'paki muli tala?"

Iye anati, "Atate, musandivutitse lero. Kunyumba kulibe magetsi, kulibe madzi a pampopi. Amayi a mwamuna wanga akafuna kupita kuseri ndiwauza chiyani?"

"Chimbudzi ndakumba chatsopano."

Ndinamva akupuma. Wina anamuitana, ndipo anati ayesa kulankhula nawo akatuluka m'paki, mwina madzulo.

Tinadikira. Amayi a kumpingo anatsuka mbale nakhala pamkeka, osafuna kuchoka nkhani isanathe. Alamu analowa m'nyumba, navundukula mbale ija, nainunkhiza.

"Alamu," anatero kwa ine, "kutentha uku nkhuku iyi sifika mawa. Mangani panjinga mukawapatse kulojiko."

"Ayi."

"Ndiye tambala wafera chabe?"

"Sindinawaitanire nyama. Nyama akudya yabwino kumene aliko."

Dzuwa litafiira ndinadziwa kuti zatha, chifukwa nthawi imeneyo njovu zimayamba kudutsa msewu kulondola mango, ndipo palibe dalaivala amene angabwere ndi alendo kuno. Ndinavula jekete. Ndinatulutsa mbale ija ndekha ndi kuiika pamkeka pakati pa amayi aja, kuti adye asanapite. Anagawana mwakachetechete. Nthutumba palibe anaikhudza. Alamu anaiika pakambale nandipatsa, ine ndinati ndakhuta, ndipo sindinafunse kumene inathera.

Bambo a mkwati ndinawaona koyamba m'mawa mwake, pakapinga wa loji, ukwati utadalitsidwa. Anali munthu wamtali, waulemu, wolankhula mofatsa, ndipo ndinamva kuti kumpingo kwawo ndi mkulu ngati ine. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Ana akuti kwanu anadya bwino kuposa kuno," anatero. "Bwanji osaiyamba ngati bizinesi? Azungu angakonde kwambiri."

Ndinati ndiganizapo. Anatulutsa foni kuti andionetse nyalugwe uja. Ndinamuyang'ana. Anali atagona panthambi, mchira uli lende, miyendo ya nswala ikulendewera pambali pake. Anali nyalugwe wokongola ndithu.

"Nyumba ikadali pomwepo," ndinatero. "Mawa tikatuluka m'tchalitchi mukhoza kufika. Nkhuku zilipo zina."

"Tikanakonda, koma ndege yathu ndi ya m'mawa. Ulendo wina, asewere. Ulendo wina tidzafika."

Mwana wanga anali chapafupi mu diresi lake loyera. Anamva zonse, ndipo anayang'ana maluwa amene anali m'manja mwake.

Papita zaka tsopano. Kwabadwa mdzukulu, ndipo ndinakwera basi kukamuona. Kuno anabwerako kamodzi ndi makolo ake, nagona ku loji, nadzandiona masana. Agogo ake a kuchimuna sanabwerenso kuchigwa. Amandiimbira foni pa Khirisimasi ndiponso akamva pa wailesi kuti Luangwa wasefukira. Amayamba ndi kuti, "Muli bwanji, asewere?" Ine ndimayankha kuti, "Ndili bwino, bambo, kaya inu." Tikatero timakamba za mvula ndi za mtengo wa thonje, ndipo timatsazikana bwino.

Nkhaniyi ndinaipempherera. Ndinawauzanso abusa, ndipo anati ndi yaing'ono, munthu wa Mulungu asasunge zotere. Ndinavomera kuti akunena zoona. Koma foni ikalira, mawu akuti asewere amafika pakhosi n'kubwerera.

Mwana wanga anazindikira. Tsiku lina ndili kwawo ku Lusaka anandifunsa, mwamuna wake atatuluka.

"Atate, apongozi anga akudabwa. Akuti chifukwa chiyani simuwaitana kuti asewere?"

"Wawauza chiyani?"

"Ndati ndi mmene mumalankhulira."

"Ukawauze kuti m'chilimwe msewu wa ku Mnkhanya umapitika," ndinatero. "Ngati zikukuvuta, ndipatse foni ndiwauze ndekha."

Anati awauza yekha. Sindikudziwa ngati anawauza.